Mankhwala oyatsidwa ndi kuwala: zimene Dirk Trauner wasintha pa kafukufuku wa ubongo

Funso: Ndikuphunzira kemisitiri pa yunivesite. Tsiku lina aphunzitsi anatchula Dirk Trauner, akuti anapanga mamolekyulu amene amayatsa ndi kuzimitsa maselo a ubongo pogwiritsa ntchito kuwala, mpaka mbewa zakhungu zinayamba kuona. Zimenezi zimatheka bwanji? Ntchito yakeyi yasinthadi chiyani, ndipo alipo odwala amene akulandira kale mankhwala otere?

Yankho: Aphunzitsi anu sananame, koma tisiyanitse zinthu ziwiri poyambirira pomwe. Monga zida zofufuzira mmene maselo a ubongo amagwirira ntchito, mamolekyulu amenewa anakhazikika kale ndipo ali m'malabotale ambiri padziko lonse. Monga mankhwala a kuchipatala, sanafike. Palibe ndi amodzi omwe a mtundu umenewu amene avomerezedwa kuti dokotala azilembera odwala, ndipo amene apita patsogolo kwambiri, obayira m'diso, adakali pa kuyesedwa. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la ntchito ya Trauner lagona pa choyambacho, ndipo amene amangokamba za akhungu kuona amaphonya pamene pali nkhani yeniyeni.

Mwini wakeyo anabadwira ku Linz m'dziko la Austria mu 1967. Digiri ya udokotala wa kemisitiri anaipeza ku Vienna mu 1997 pansi pa Johann Mulzer, kenako anakagwira ntchito ndi Samuel Danishefsky ku New York. Anayamba kuphunzitsa ku Berkeley mu 2000, anasamukira ku Munich mu 2008, ku New York University mu 2017, ndipo mu 2022 anapita ku University of Pennsylvania. Luso lake lenileni ndi kumanga mamolekyulu ovuta a m'chilengedwe. Mu 2022 gulu lake linafalitsa njira ya masitepe 22 yopangira tetrodotoxin, poizoni wa nsomba zodzitukumula za m'nyanja yamchere. Zimenezi musazinyoze, chifukwa ntchito ya kuwalayi inayenda kaamba koti panali munthu wotha kupanga molekyulu iliyonse imene anzake a sayansi ya ubongo, Richard Kramer ndi Ehud Isacoff, ankaifuna. Atatuwa anakumana ku Berkeley, ndipo mbiri ya ntchitoyi ndi ya onse atatu.

Pakati pa zonse pali molekyulu imodzi, azobenzene. Ndi mphete ziwiri za benzene zolumikizidwa ndi maatomu awiri a nayitrojeni, N=N. Eilhard Mitscherlich anaipeza mu 1834, ndipo kwa zaka 100 anthu ankaidziwa ngati kholo la utoto wa nsalu basi. Mu 1937 G. S. Hartley, poyeza kasungunukidwe kake, anaona kuti zotsatira zikusintha botolo likakhala poyera, ndipo anatulukira kuti molekyuluyi ili ndi maonekedwe awiri. Ikakhala mumdima imaongoka. Umu ndi mmene timaitcha trans. Ikamwa kuwala kwa UV, kwa nanomita 340 mpaka 380 malinga ndi zimene mwalumikizapo, imapinda pa N=N paja n'kukhala cis. Kuwala kwa buluu kapena kobiriwira, cha m'ma 450 mpaka 500, kumaiongolanso, ndipo ngakhale mumdima imabwerera yokha pang'onopang'ono chifukwa trans ndiye yokhazikika, ndi mphamvu yochepera pafupifupi 50 kJ pa molo. Mtunda wa pakati pa nsonga ziwiri za mphetezo ndi nanomita 0.9 mu trans, koma 0.55 mu cis. Trans ilibe mbali yolemera magetsi, pomwe cis ili ndi dipole ya pafupifupi 3 Debye. Kupindako kumachitika m'mapikosekondi, ndipo mutha kubwereza kambirimbiri molekyulu osawonongeka. Diso lanu limachita zofananako: molekyulu ya retinal imene ili mu rhodopsin, puloteni yomva kuwala ya m'diso, imachoka pa 11-cis kupita pa all-trans ikalandira kuwala, ndipo kuona kumayambira pamenepo.

Nanga kupinda kwa theka la nanomita kungalamulire bwanji selo? Nyuroni, selo lotumiza uthenga m'ubongo ndi m'minyewa, ikapuma, mkati mwake mumakhala pa mamilivoti pafupifupi 70 pansi pa ziro poyerekeza ndi kunja. Pakhungu lake pali mapuloteni amene ali zipata za sodiyamu, potaziyamu ndi kalisiyamu. Zipata za sodiyamu zikatseguka, magetsi amakwera ndipo selo limawombera uthenga wa pafupifupi milisekondi imodzi. Za potaziyamu zikatseguka, magetsi amatsika ndipo selo limakhala chete. Mankhwala ambiri a minyewa amagwira ntchito pokhala m'kabowo ka puloteni yotere, ndipo kabowoko kamasankha maonekedwe. Mukalowetsa azobenzene mkati mwa mankhwala, maonekedwe amodzi amakwana m'kabowo, enawo sakwana. Vuto la mankhwala wamba pofufuza ubongo ndi loti mukawathira amafalikira paliponse ndipo kuwatsuka kumatenga mphindi zambiri, pomwe ubongo umalankhula m'mamilisekondi. Kuwala mungakulozetse pa selo limodzi, n'kukuzimitsa nthawi yomweyo.

Ganizo limeneli silinayambe ndi Trauner. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970 Bernard Erlanger ndi David Nachmansohn ku Columbia University anali atayesa kale azobenzene pa zolandirira acetylcholine (mankhwala a m'thupi onyamula uthenga m'minyewa) za nsomba yamagetsi ya ku South America, ndi mamolekyulu monga Bis-Q ndi QBr, ndipo Henry Lester ku Caltech anapitiriza cha m'ma 1980. Ntchitoyo inazilala chifukwa nthawi imeneyo panalibe amene ankadziwa kamangidwe ka mapuloteniwa atomu ndi atomu, ndiponso kusintha jini kunali kovuta. Roderick MacKinnon atafalitsa kamangidwe ka chipata cha potaziyamu mu 1998, munthu anatha kuyeza mtunda wa kuchokera pa amino asidi inayake kufika pakamwa pa chipata, n'kupanga molekyulu ya utali umenewo.

Ndi zimene gulu la ku Berkeley linachita mu 2004. Anatenga chipata cha potaziyamu chotchedwa Shaker, n'kuika cysteine pa malo a 422, kunja kwa selo, pafupi ndi pakamwa. Molekyulu yawo, MAL-AZO-QA, ili ndi zigawo zitatu: maleimide imene imamatirira kotheratu pa salufa ya cysteine, azobenzene pakati, ndi ammonium ya nthambi zinayi kumapeto, yofanana ndi TEA (tetraethylammonium) imene imatseka zipata za potaziyamu. Zili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: chingwe chikatalika imafika pa msipu, chikafupika imangouyang'ana, koma siichoka pamalopo. Mu trans molekyulu imatalika nanomita pafupifupi 1.7 ndipo chotsekera chimafika pakamwa n'kutseka. Kuwala kwa 380 kukaipinda imatsala 1.0, chotsekera chimachoka, potaziyamu amatuluka, nyuroni imakhala chete. Kwa 500 kumabwezera chotsekera ndipo selo limayambanso kuwombera. Anachitcha SPARK. Kuti ziyende anasinthanso malo ena a jiniyo kuti chipata chizikhala chotseguka ngakhale selo likupuma, apo ayi kuchotsa chotsekera sikukanasintha kanthu. Nkhaniyi inatuluka chisanakwane chaka kuti Edward Boyden ndi Karl Deisseroth asonyeze, mu 2005, kuti channelrhodopsin-2, puloteni yomva kuwala ya ndere zobiriwira, imayatsa manyuroni.

Mu 2006 gulu la ku Berkeley lija linatembenuza njirayo kuti iziyatsa m'malo mozimitsa. Molekyulu MAG ili ndi glutamate, mankhwala amene manyuroni amayatsirana nawo, kumapeto, ndipo imamatirira pa cholandirira glutamate cha iGluR6, chimene lero chimatchedwa GluK2, pa cysteine yoikidwa pa 439. Apa cis ndi imene imalowetsa glutamate m'kabowo, chipata n'kutseguka. Popeza glutamate yamangiriridwa pompo, kuchuluka kwake pakabowoko kumakhala ngati kwa mamilimola, ngakhale m'madzi ozungulira selo mulibe glutamate ina. Ubwino wina ndi woti cis ya MAG imakhala mphindi zambiri mumdima, choncho kung'anima kamodzi kumatsegula chipata n'kuchisiya chotseguka mpaka muunike kobiriwira. Chida chimenechi, LiGluR, chinayankha funso lenileni mu 2009, pamene Claire Wyart ndi anzake anachiika m'magulu osiyanasiyana a manyuroni a mumsana wa tiana ta nsomba za zebrafish, n'kumaunika gulu limodzilimodzi. Anapeza kuti maselo a Kolmer-Agduhr, amene anali odziwika kwa zaka zoposa 70 popanda wodziwa ntchito yawo, akayatsidwa amayambitsa kagwedezedwe ka mchira ka kusambira pang'onopang'ono. Pamenepo ndi pamene chida chimaonekera kuti n'chothandiza.

Tinene chilungamo: pa ntchito yongoyatsa ndi kuzimitsa manyuroni, channelrhodopsin inapambana, ndipo inayenera kutero. Imangofuna jini imodzi, ndipo retinal imene imafunika ilimo kale m'ubongo wa nyama zoyamwitsa. Njira ya Trauner imafuna jini komanso mankhwala oti mubaye. Mphamvu yake ili pena. Channelrhodopsin ndi puloteni yachilendo imene imangokankha magetsi. Singakuuzeni kuti cholandirira chakutichakuti cha m'ubongo momwemo chikuchita chiyani pa mphindi inayake. Azobenzene imagwira cholandirira chenichenicho. N'chifukwa chake panabwera zolandirira glutamate za mtundu wa mGluR zomvera kuwala mu 2013, kenako mu 2015 njira yomangirira mankhwala pa SNAP-tag, kapuloteni kolumikizidwa ku cholandirira, ndi chingwe chachitali cha polyethylene glycol, imene inathetsa mavuto ambiri a maleimide.

Nthambi ina sifuna kusintha jini n'komwe. Mumatenga mankhwala odziwika, n'kufufuza pamene pali mphete ziwiri zolumikizidwa ndi amide, ether kapena C=C, n'kuikapo N=N m'malo mwake; kapena mumawonjezera azobenzene kumbali imene puloteni imalola. Mwa njira zimenezi gulu la Trauner linapanga propofol (mankhwala ogonetsa pa opaleshoni) womvera kuwala mu 2012, fentanyl (woletsa ululu) mu 2014, ndi JB253, wochokera ku glimepiride wa matenda a shuga, amene amatulutsa insulini m'maselo a kapamba pokhapokha aunikidwa ndi kuwala kwa buluu. Mu 2015, ndi Oliver Thorn-Seshold, anatulutsa ma photostatin ochokera ku combretastatin A-4, amene amaletsa selo kugawanika ndipo amapha maselo kuwirikiza mpaka ka 250 akaunikidwa kuposa mumdima. James Frank anapanga mafuta a pakhungu la selo okhala ndi azobenzene mumchira. Gulu la Ben Feringa ku Groningen linkayenda njira yomweyo ndi maantibayotiki mu 2013, ndipo dzina loti photopharmacology, sayansi ya mankhwala omvera kuwala, linafala kudzera m'magulu awiriwa.

Pa zonsezi, QAQ ya mu 2012, yochititsa dzanzi minyewa ya ululu, ndi imene ndimaikonda kwambiri chifukwa cha nzeru yake. Ili ndi ammonium ziwiri zokhala ndi magetsi nthawi zonse, choncho singadutse khungu la selo. Koma imatseka zipata kuchokera mkati, monga QX-314, mbale wake wa lidocaine. Njira yake yolowera ndi chipata chachikulu cha TRPV1, chimene chimapezeka kwambiri pa minyewa ya ululu ndipo chimatseguka ndi tsabola kapena kutentha. Ndiye kuti mankhwala amadzisonkhanitsa okha m'minyewa imene ikupweteka, enawo osakhudzidwa, kenako kuwala kwa 380 kumabwezera kumva ndipo kwa 500 kumachititsanso dzanzi.

Tsopano zimene zimavuta, chifukwa wophunzira kemisitiri apa ndi pofunika kukhalitsa.

Choyamba, kuwala sikusintha mamolekyulu onse. Trans ndi cis zonse zimamwa kuwala pa utali umodzimodzi, kungoti mosiyana mphamvu, choncho mukaunika mumafika pa mlingo wokhazikika, mwachitsanzo 80 pa 100 cis ndi 20 trans, ndipo kuunika nthawi yaitali sikuwonjezera kanthu. Werengani nokha. Ngati trans ndiye yamphamvu ndipo kuwala kwasiya 10 pa 100 idakali trans, mwangochepetsa mankhwala ka 10, ngakhale cis itakhala yopanda mphamvu ngakhale pang'ono. Koma pa cholandirira wamba, kuti mphamvu ya mankhwala ichoke pa 90 kufika pa 10 pa 100, pamafunika kuwachepetsa ka 81. Ndiye "kuzimitsa" kwanuko ndi kungochepetsa. Njira yozembera ndi kupanga kuti cis ikhale yamphamvu, chifukwa mumdima mutha kukhala ndi trans yokhayokha, n'kuyambira pa ziro weniweni. Ma photostatin anapambana pa chifukwa chimenechi: combretastatin ndi yopinda kale mwachibadwa. Vuto ndi loti mankhwala ambiri ndi oongoka, ndipo trans ndi imene imafanana nawo. Ma diazocine a gulu la Rainer Herges ku Kiel, amene ali ndi mlatho wa makaboni awiri wokakamiza molekyulu kukhala yopinda mumdima, anathandiza kutembenuza zimenezi. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, yesani mphamvu pa milingo yambiri mumdima ndi poyera, n'kusankha mlingo umene zotsatira za mumdima ndi za poyera zatalikirana kwambiri. Mukathira wochuluka, kusiyana konse kumatha.

Chachiwiri ndi nthawi imene cis imakhala. Azobenzene wamba imatenga masiku kuti theka libwerere, koma mukaika gulu lopereka maelekitironi monga diethylamino mbali imodzi ndi lokoka mbali inayo, kuwala kofunika kumasunthira ku buluu ndipo cis imabwerera m'kachigawo ka sekondi m'madzi. Palibe chabwino kuposa chinzake; zimatengera ntchito. Pa diso mukufuna yobwerera msanga, kuti chithunzi chisakakamire. Pa selo limene mukufuna likhale loyaka ola lathunthu mukufuna yochedwa. Cholakwika chofala ndi kuyeza nthawiyi mu DMSO, chosungunulira mankhwala, pa tebulo la labotale, n'kuganiza kuti m'madzi amchere a pH 7.4 pa madigiri 37 idzakhala yomweyo. Imatha kusiyana kuwirikiza ka 1,000. Molekyulu yochedwa ilinso ndi vuto lina: mukaiyatsa pamalo amodzi, imayandama n'kukagwira maselo amene simunaunike.

Chachitatu, thupi sililola kuwala. UV ndi buluu sizifika ngakhale milimita imodzi m'minofu, chifukwa magazi amamwa kwambiri kuwala kwa pansi pa 600, ndipo kotsalako kumamwazikana. Kumene kumalowa bwinoko ndi kwa 650 mpaka 900. Andrew Woolley ku Toronto mu 2011 ndi Stefan Hecht ku Berlin mu 2012 anasonyeza kuti kuika methoxy kapena fuluorini pa malo onse anayi oyandikana ndi N=N kumalekanitsa mamwedwe a trans ndi cis, kotero kuti kuwala kooneka ndi maso kumakwanira mbali zonse ziwiri; ndi kulorini, ngakhale kofiira kumagwira. Koma magulu anayi amenewa amanenepetsa molekyulu, ndipo nthawi zambiri siikwananso m'kabowo. M'ubongo wa mbewa yamoyo mumafunikabe kulowetsa kachingwe ka galasi konyamula kuwala. UV yokha imawononga maselo, ndipo kuwala kwamphamvu kwa mtundu uliwonse kumafunditsa minofu mokwanira kusintha kawomberedwe ka manyuroni. Choncho kuyesa kulikonse kukhale ndi maselo ounikidwa opanda mankhwala, ndi maselo amankhwala osaunikidwa. Pepala limene lilibe ziwirizi musalikhulupirire.

Chachinayi, selo limadya N=N. Mkati mwa selo muli glutathione wa mamilimola 1 mpaka 10, ndipo m'chiwindi ndi m'mabakiteriya a m'matumbo muli michere imene imadula azo n'kusiya ma aniline awiri. Zimenezi si zatsopano: mu 1935 ofufuza a ku Institut Pasteur anapeza kuti Prontosil, utoto wa azo umene Gerhard Domagk anachiritsira matenda a mabakiteriya, umagwira ntchito chifukwa thupi limaudula kukhala sulfanilamide. Pa mankhwala omvera kuwala kudulidwako n'koipa kawiri: swichi yatha, ndipo chidutswa chotsala chikhoza kukhala champhamvu nthawi zonse kapena chapoizoni. Musanapite pa maselo, sakanizani molekyulu yanu ndi glutathione wa mamilimola 10 pa madigiri 37, muyeze kwa maola angapo, trans payokha ndi cis payokha, chifukwa cis ndi imene imadyeka msanga.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimawononga sabata yathunthu. Azobenzene sasungunuka bwino m'madzi ndipo trans imaunjikana. Sungani ya mamilimola 10 mu DMSO youma, m'timabotolo tokutidwa ndi pepala la aluminiyamu, ndipo DMSO yofika pa maselo isapitirire 0.1 mpaka 0.5 pa 100. Maleimide imatseguka m'madzi, makamaka pH ikapitirira 7.5, choncho MAG muisakanize pamene mukuigwiritsa ntchito, pa maikulomola makumi angapo, kwa mphindi 15 mpaka 30, mutaiunika kaye ndi UV kuti glutamate iikokere pa cysteine yoyenera. Gwirani ntchito pansi pa nyale yofiira. Ndipo ngati mukujambula maselo ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira, kumbukirani kuti leza ya 488 imene mukuonera imasinthanso molekyulu yanu. Ambiri akhumudwa ndi zimenezi, ndipo n'chifukwa chake Thorn-Seshold anapanga ma swichi ena osagwiritsa ntchito azo amene samva kuwala kwa 488.

Diso limazemba vuto lachitatu lija, chifukwa linapangidwira kulowetsa kuwala. M'matenda a retinitis pigmentosa, otengera kumtundu, amene amagwira munthu pafupifupi mmodzi pa 4,000, maselo olandira kuwala amafa, koma manyuroni ena a m'retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso, ndi mtsempha wopita kuubongo zimatsala zamoyo kwa zaka zambiri. Mu 2012 Kramer, Trauner ndi Russell Van Gelder anabaya AAQ, molekyulu ina ya azobenzene, m'maso a mbewa za rd1 zimene zinali zitataya maselo olandira kuwala. AAQ imatseka zipata za potaziyamu mu trans, ndipo kuwala kukaisintha, maselo otsalawo amasintha kawomberedwe. Mwana wa diso anayambanso kuchepa akaunikidwa, ndipo tiana ta mbewa tinayamba kuthawa kuwala. "Kuona" kumene aphunzitsi anu ananena ndi kumeneku: kumva kuwala, osati kuzindikira zinthu. AAQ inkafuna UV yamphamvu ndipo inkatha pasanathe tsiku. DENAQ ya mu 2014 imamva kuwala kwa 450 mpaka 550, kwa mphamvu ngati ya masana, imabwerera yokha mumdima msanga, ndipo imakhala masiku angapo. Chodabwitsa chinali choti imagwira m'retina yodwala yokha, yabwino osaikhudza. Gulu la Kramer linapeza pambuyo pake kuti maselo olandira kuwala akafa, manyuroni otsala amachulukitsa zipata zazikulu za P2X zimene mankhwalawa amalowera. BENAQ, mbale wake wamphamvu kwambiri amene amakhala masabata, ndi amene kampani ya Kiora Pharmaceuticals ikuyesa pa dzina loti KIO-301. Kuyesa koyamba kunachitikira ku Adelaide m'dziko la Australia pa anthu 6, maso 12, ndipo zotsatira zinalengezedwa mu 2023: mankhwala sanaonetse vuto lalikulu, ndipo ena anamva kuwala bwinoko kwa kanthawi. Anthu 6, popanda gulu lolandira jakisoni wopanda mankhwala, ndi ochepa kwambiri kuti tinene kuti amachiritsa. Kuyesa kwa gawo lachiwiri ndi kumene kuyankhe zimenezo. Njira ya majini nayo ikupikisana: mu 2021 José-Alain Sahel ndi Botond Roska analengeza za bambo wa zaka 58 amene, ataikidwa jini ya ChrimsonR, puloteni yomva kuwala ya mtundu wa channelrhodopsin, m'diso ndi kuvala magalasi apadera, anatha kupeza zinthu patebulo ndi kuwerenga kuchuluka kwake. Ubwino wa mankhwala ndi woti amatha okha ngati sanayende bwino ndipo mlingo ungasinthidwe. Kuipa kwake ndi jakisoni wa m'diso wobwerezabwereza moyo wonse. Njira zonse ziwiri zimadumpha mbali ya retina imene imakonza chithunzi, choncho uthenga wofika kuubongo si wofanana ndi wa diso labwino.

Wachibale akakufunsani ngati zimenezi zingathandize agogo amene sakuona, muwayankhe mosabisa. Khungu lochuluka ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo limachokera ku ng'ala, imene imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndi glaucoma, imene imapha maselo enieniwo amene mankhwalawa amadalira. Pa ziwirizi azobenzene sathandiza, ndipo kuchedwa kupita kuchipatala cha maso podikira mankhwala atsopano kungawononge diso limene likanapulumuka.

Kupinda kwa molekyuluyi mutha kukuona ndi maso anu m'labotale ya pasukulu. Musagwiritse ntchito methyl orange, chifukwa cis yake imabwerera msanga kwambiri moti makina wamba saiona. Tengani azobenzene wamba, musungunule mu ethanol pa maikulomola 40, muisiye mumdima masiku angapo kapena muifunditse pang'ono kuti yonse ikhale trans. M'kabotolo ka quartz ka sentimita imodzi, pa makina oyeza mamwedwe a kuwala, mudzaona nsonga yaikulu cha pa 320, ya msinkhu pafupifupi 0.9, ndi kansonga kofooka cha pa 440. Unikani ndi nyale ya 365 imene mumaonera mapuleti a TLC, masekondi 30 nthawi iliyonse, n'kuyezanso: ya 320 imatsika, ya 440 imakwera, mpaka mizere itasiya kusintha. Pamenepo mwafika pa mlingo wokhazikika uja. Mizere yonse iyenera kudutsana pa mfundo zimodzimodzi. Ikapanda kutero, molekyulu ikuwonongeka kapena ethanol akuuma. LED ya buluu imabwezera nsonga ya 320, koma osati mpaka pamene inayambira. Dontho la madzi ounikidwawo, ochindikala pang'ono, pa puleti ya silica limapereka timadontho tiwiri tachikasu, ndipo ka cis kamatsalira m'munsi chifukwa cha dipole yake.

Mukafuna kupanga yanu, njira zazikulu ndi ziwiri. Ya diazonium: aniline mu hydrochloric acid, sodium nitrite wothiridwa pang'onopang'ono pa madigiri 0 mpaka 5, kenako phenol kapena aniline ina yolemera maelekitironi. Kutentha kukapitirira, nayitrojeni amathawa ndipo mumatsala ndi phenol ndi phula lakuda. Mchere wa diazonium musauumitse chifukwa umaphulika. Ya Baeyer-Mills, imene ndi yoyenera pamene mphete ziwiri zili zosiyana: sinthani aniline imodzi kukhala nitroso ndi Oxone m'madzi ndi dichloromethane, muone mtundu wobiriwira, muigwiritse ntchito tsiku lomwelo ndi aniline yachiwiri mu acetic acid usiku wonse. Chimene chimabwera osaitanidwa ndi azoxy, imene imayenda pafupi kwambiri ndi azo pa silica ndipo siisintha ndi kuwala mofanana. Yang'anani kulemera kwa molekyulu pa mass spectrometer. Mukaona 16 yowonjezera, yeretsaninso musanayeze chilichonse.